Bondo langa lasiya kupweteka pa mawashi geri

Anzanga a karate, miyezi iwiri yathunthu bondo lakumanzere limandisowetsa mtendere, ndikangoponya mawashi geri (kumenya ndi mwendo mouzunguliza kuchokera m'mbali) ndi mwendo wamanja ndimamva ngati andibaya ndi singano mkatimu. Ine ndimkangoti ndi kuzizira kwa kuno ku Mzuzu basi, paja mu Juni mmamawa chifunga chimachita kuphimba Katoto yense, ndiye ndimangomanga bandeji nkumapitiliza.

Anatulukira vuto ndi a sensei, aphunzitsi athu a karate. Akuti iwe, phazi lopondera pansilo ukulisiya litaloza kutsogolo pomwe chiuno chikuzungulira, ndiye likupotokalo ndi bondo. Zoonadi, bondo ntchito yake nkupinda osati kupotoka.

Ndinapuma kaye masabata awiri. Kenako ndinajambula mzere ndi khala pa simenti ya pakhonde nkumaponya pang'onopang'ono nditagwira khoma, ndikupondera kutsogolo kwa phazi, chidendene chizizungulira mpaka chiloze chakomwe ndikumenyako. Ka 20 mwendo uliwonse, tsiku ndi tsiku. Komanso sindiyambanso thupi lisanatenthe, ndimadumpha kaye chingwe mphindi 10 mpaka kathukuta katuluke. Bondo langa silinatupe, likanatupa kapena kumagwedera ndikanathamangira kuchipatala.

Pano ndatha mwezi ndikumenya bagi osamva kalikonse.