Kusintha galasi la chitseko pa Sienta hybrid

Mwafunsa za galasi losweka la chitseko chakutsogolo. Musanayambe, pezani galasi la mbali yomweyo (mukamapita kukagula ku Biwi, ku Lilongwe, tengani nambala ya chassis), sipanala ya 10, sikuludiraiva, burashi ndi magulovu.

1. Zimitsani galimoto, mawu oti READY asaoneke pa dashibodi. Mawaya a olenji ndi a batire lalikulu, musawakhudze.

2. Masulani masikuluwu, kanganulani chivundikiro cha chitseko pang'onopang'ono timakilipi tisathyoke. Pulasitiki yamkati imatuleni osaing'amba.

3. Chotsani zidutswa zonse. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa chifukwa chothamanga. Zotsalira mumphira zimakanda galasi latsopano, zogwera pansi zimatseka timabowo totulukira madzi, mvula ikayamba chitseko chimachita dzimbiri. Ine ndimasesa kawiri.

4. Lumikizani switchi ya galasi ku mawaya ake, dinani POWER kawiri osaponda buleki, sunthani chonyamulira galasi mpaka mabawuti awiri aonekere pabowo.

5. Lowetsani galasi mopendeketsa, mbali yakutsogolo iyambe. Mabawuti musamange mopyola, lingasweke.

6. Liyeseni musanabwezeretse chivundikiro. Likafika pamwamba, gwiranibe switchi masekondi angapo kuti auto (yokweza ndi kutsitsa galasi lonse mukangodina kamodzi) iyambenso kugwira.