Momwe mungajambulire zachilengedwe mukapita ndi banja kunyanja ku Mangochi

Mabanja ambiri akapita kukagona m'matenti m'mbali mwa nyanja ku Mangochi amabwerako ndi zithunzi zotuwa, nkhope zotsinzina ndi madzi osaoneka mtundu, chifukwa anajambula masana dzuwa lili paliwombo. Foni yomwe muli nayoyo ndi yokwanira, bola mudziwe nthawi yoitulutsa m'thumba.

Choyamba, musananyamuke dziwani kumene gombe lanu layang'ana. Magombe a pakati pa Mangochi Boma ndi Monkey Bay, monga Nkopola ndi Makawa, ayang'ana kum'mawa, choncho kumeneko dzuwa limatulukira panyanja. Ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, dzuwa limalowera kumadzi, cha kuchilumba cha Thumbi. Ganiziraninso nyengo: kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imawinditsa nyanja, pomwe mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa lupsa umaphimba mapiri, ngakhale kuti umafiiritsa dzuwa mokongola likamalowa.

Chachiwiri, dzukani m'bandakucha ana adakali mtulo. Dzuwa limatuluka pakati pa 5 koloko ndi 6 koloko, malinga ndi mwezi, ndipo ola loyambalo ndi lanu nokha. Nthawi imeneyi asodzi a usipa amene anachezera ndi nyali amakhala akukocheza mabwato, akakowa akuyendayenda m'madzi osaya, ndipo amayi akuyanika nsomba pamathandala. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa, gwirani foni ndi manja awiri, ndipo onetsetsani kuti mzere umene madzi akumanira ndi thambo wawongoka, pakuti nyanja yopendekeka imawononga chithunzi chonse. Njutani mpaka foni ifike pafupi ndi mchenga, ndipo ikani chinthu china patsogolo, kaya mphuno ya bwato kapena nthambi ya mlambe. Mukakhudza pamalo owala kwambiri pasikirini, thambo limasunga kufiira kwake ndipo bwato limaoneka ngati mthunzi wakuda.

Apa ndiyenera kunena mosapsatira kuti gombe ndi pakhomo pa eni ake. Anthu amasamba, amachapa ndi kutsuka mbale pomwepo. Perekani moni, pemphani chilolezo, ndipo wina akakana musakakamire. Amene akusamba musawalozetse kamera ngakhale pang'ono.

Chachitatu ndi nkhwazi, ndipo imeneyi imafuna kudekha. Mukakwera boti ndi banja, ana atavala majekete oyandamitsa, oyendetsa ambiri amaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi. Musalondole mbalameyo m'mwamba, chifukwa idzakusiyani. Lozetsani foni pa nsomba yoyandamayo, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo nkhwazi ikayamba kutsika jambulani zithunzi zambiri motsatizana. Mwa zonsezo mudzapeza chimodzi chimene zikhadabo zakhudza madzi, mutu woyerawo ukuwala. Pewani kukokera chinthu pafupi ndi zala pasikirini, popeza chithunzi chimafwifwa. Ndi bwino kudzachidula pambuyo pake.

Masana asungireni mbuna. Tinsomba ta mitundu yowalati timakhala m'miyala ya ku Thumbi ndi Otter Point, mkati mwa Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Dzuwa likakwera ndi pomwe kuwala kumalowa bwino m'madzi. Ikani foni m'kathumba kosalowa madzi, koma muyambe mwakayesa m'ndowa mutaikamo pepala, kenaka khalani chete pafupi ndi mwala mpaka nsombazo zikuzolowereni.

Ana apatseni ntchito yawo, monga kufufuza mapazi a mbalame pamchenga kapena buluzi woothera dzuwa pamwala, chifukwa maso awo amaona zimene akulu amadutsa. Anyani ajambuleni muli patali ndipo musawanyengerere ndi chakudya. M'mabango, makamaka cha kumene mtsinje wa Shire umatulukira, musalowemo musanafunse eni dera za ng'ona ndi mvuu.

Madzulo sasani mchenga pafoni musanalumikize chaja, fufutani zithunzi zofanana, ndipo gonani batire itadzaza, popeza kumatenti magetsi sapezeka nthawi zonse.