Kuika thermostat mu Morris Minor 1000

Mwafunsa ngati mungangoichotsa thermostat (kavavu kamene kamatsekereza madzi kupita ku rediyeta mpaka injini itatentha) poti injini ikutentha, ayi bambo musatero. Amakaniko ambiri amaitaya koma injini ikamayenda yozizira imamwa mafuta kwambiri komanso imatha msanga.

Choyamba sankhani yoyenera. Za injini ya A-series, yomwe ili mu Morris Minor 1000, zimapezeka zotseguka pa madigiri Celsius 74, 82 ndi 88, nambala imadindidwa pa thermostat pompo. Kumalo otentha ine ndimaika ya 82, ya 88 ija ndi ya kozizira ngati ku England komwe amafuna hita izitentha bwino. Gulani ya wax (ya phula mkati), zakale zija za bellows (zokhala ngati mvukuto) sizigwirizana ndi chivundikiro cha rediyeta cha presha yambiri.

Musanaike iyeseni kaye, ponyani mu poto wa madzi pamoto, madzi asanawire muona ikutseguka yokha pang'onopang'ono, ikapanda kutseguka bwezani ngakhale ili yatsopano.

Injini izizire kaye. Chepetsani madzi mu rediyeta, chotsani paipi ya pamwamba, masulani manati atatu a housing, chivundikiro cha thermostat pomwe paipiyo imalowa. Imakonda kukakamira chifukwa cha dzimbiri, thirani oyilo ndikugogoda pang'ono ndi thabwa, osafinya ndi sikuludiraiva chifukwa imang'aluka. Palani gasiketi yakale mpaka chitsulo chiwale.

Poika, mbali ya sipuling'i iloze pansi mu injini, mukaitembenuza madzi awira basi. Gasiketi yatsopano, mangani manati mosinthanasinthana.

Thirani madzi, lizani injini mutagwira paipi ya pamwamba ija, ikhala yozizira kwa mphindi zingapo kenaka itentha mwadzidzidzi, ndiye kuti thermostat yatseguka. Injini ikamatenthabe tsukitsani rediyeta.