Poyambira pa GitHub kwa ife atsopano

Anzanga a ku Ulongue ndi ku Moatize amene mukuphunzira kukoda, musathamangire mapulojekiti akuluakulu, mungogwa nawo ulesi. Pa GitHub, webusaiti yomwe anthu amaikapo khodi ya mapulojekiti awo kuti ena athandizeko, lembani label:"good first issue" m'kabokosi kofufuzira, zituluka tintchito (ma issue) tomwe eni ake anasungira atsopano, koma onani kaye madeti, pulojekiti yoti chaka chatha osayankha munthu isiyeni, mungothera mamega pachabe. Werengani CONTRIBUTING.md, fayilo ya mu pulojekitimo yofotokoza momwe mungathandizire, mukatero lembani pansi pa issue yomwe mwasankhayo kuti mwaitenga, kuopa kulimbirana ndi wina. Komanso ife Chipwitikizi timachidziwa kale eti, mapulogalamu ambiri amafuna omasulira. Ine pull request yanga yoyamba (pempho loti eni pulojekiti alandire zomwe wakonza) ndinangokonza mawu awiri mu README, fayilo yofotokoza za pulojekitiyo, basi, eni ake anailandira.