Mwana akafuna ulenje, muyambitseni ndi mbewa

Mwana wa mlongo wanu akayamba kukuvutani kuti "amalume, munditengeko kuulenje", m'mutu mwake mumakhala gwape kapena nswala za kuchigwa cha Luangwa. Kumeneko n'kwa anthu a mapepala. Lamulo la nyama zakutchire la ku Zambia la 2015 limafuna chilolezo chochokera ku nthambi ya boma yoona za nyamazo, ya Department of National Parks and Wildlife, mfuti nayo imakhala ndi laisensi yakeyake, ndipo kutchera waya ndi mlandu wolowa nawo ndende. Ulenje umene mwana wa ku Chipata, Katete kapena Chadiza angayambe nawo mtima uli m'malo ndi wokumba mbewa. Osaupeputsa: kuwerenga mapazi, kudekha, kugwirizana ndi anzako, zonse zili momwemo.

Nyengo yake ndi pamene anthu akolola, kuyambira mu Juni mpaka mvula isanagwe. Julayi ndi Ogasiti ndiye wabwino kwa ana, chifukwa mbewa zimakhala zitanona ndi zotsala m'munda ndipo dzuwa silinafike poti n'kuwotcha mapazi. Mu Okutobala nthaka imauma gwa, khasu limangodumpha, mwana amagwa ulesi una woyamba usanathe. Nyamukani 6 koloko m'mawa, pofika 10 koloko muzibwerera.

Musananyamuke uzani amayi ake a mwanayo kumene mukupita, ndipo pemphani mwini munda. Mufunseni zinthu ziwiri: ngati anathirako mankhwala a makoswe, ndiponso ngati munali thonje. Mbewa yodya poizoni sionekera kunja tsiku loyamba, ndipo munda wa thonje umakhala utapoperedwa kangapo. Sankhani munda wa chimanga kapena wa nshawa. Kumanda ndi pachulu musayandikeko ndi ana.

Wamkulu mmodzi asapitirire ana atatu. Wa zaka 7 mpaka 10 ntchito yake ndi kuyang'ana ndi kunyamula thumba; khasu agwire wa zaka 12 kupita m'mwamba. Tengani khasu limodzi lokha ngakhale ana alilire lawo, chifukwa makasu awiri pa una umodzi ndiwo amatema zala za kumapazi. Kambwiri kakale kofupika ndiko kabwino, koma onani kuti kakhazikika mu mpini. Onjezani ndodo yaifupi kwa mwana aliyense, tsekera ziwiri kapena zitatu zazitali ngati mkono, thumba lomanga kukamwa ndi chigubu cha madzi cha malita 5. Aliyense avale nsapato zotseka, osati mapatapata. Machesi asiyeni kunyumba.

Mukafika, ola loyamba musakumbe. Yendani pang'onopang'ono m'mbali mwa mizere ndi pamene panali mikukwe, mukuwasonyeza mpita: kanjira kosalala kopyapyala ngati zala ziwiri, kodutsa pansi pa udzu. Kautsateni mpaka pa una. Una wamoyo umadziwika ndi dothi latsopano pakhomo, timapazi pafumbi, tizitosi takuda ndi makoko a nshawa kapena njere zakukutidwa. Ukakhala ndi ukonde wa kangaude pakhomo, eni ake anasamuka. Ukakhala wosalala kwambiri, wopanda phazi ndi limodzi lomwe, kapena pafupi pali khungu limene njoka yafundula, itanani ana onse adzaone bwinobwino, kenako muchokepo. Phunziro limenelo likuposa mbewa khumi.

Mwapeza una wamoyo? Musathamangire khasu. Mbewa siikhala ndi khomo limodzi. Imaboola mbuli, kanjira kothawirako kamene kamatulukira mapazi angapo kuchokera pakhomo lenileni, nthawi zina katangotsala kachikhungu ka dothi pamwamba. Uzani ana azungulire malowo akufunafuna. Mbuli iliyonse yopezeka itsekedwe ndi mwala kapena dothi loponderezedwa ndi chidendene, kupatula imodzi, pamene mumaimika mwana wamkulu ndi ndodo yake. Alenje atsopano amalephera pomwepa: amakumba mita yathunthu thukuta lili kamukamu, mbewa zinatuluka kalekale kumbuyo kwawo.

Tsopano lowetsani tsekera mu una mpaka pamene yaima, ndipo muzikumba moitsata. Tsekerayo ili ndi ntchito ziwiri. Imakusungirani njira, pakuti dothi logumuka limakwirira una ndipo mbewa nayo imadzitsekera ndi dothi pothawa. Ndiyonso imalowa m'malo mwa dzanja. Lamulo ili linenedwe mokweza musanayambe, ndipo mwana aliyense alibwereze ndi pakamwa pake: dzanja sililowa mu una. Ngakhale mchira ukuoneka, ngakhale amalume atembenuka. Njoka zimalowa m'mauna kutsata mbewa zomwezo, ndipo zinkhanira zimakonda mdima womwewo.

Wokumba aziseula dothi pang'onopang'ono, osati kutema mwamphamvu ngati akuswa mphanje. Kutsogolo ndi kumbuyo kwake kusakhale munthu. Ana aime m'mbali, mapazi atatu kuchokera pakhasu. Ana amaiwala zimenezi msanga mbewa ikangoti tulukiru, onse amagwera pamodzi mitu ili pansi khasu lili m'mwamba. Choncho pangani pangano: mukanena kuti "imani", khasu ligone pansi kaye, kenako ndodo zigwire ntchito. Una ukagawikana, tsekani nthambi imodzi ndi chibuluma, tsatani inayo. Mukayamba kuona tiudzu touma tosakanikirana ndi dothi, funkha, chisa cha mbewa, layandikira. Apa khasu lisiyeni, gwiritsani ndodo kutakasa.

Mbewa ikatuluka imenyedwe kamodzi pamutu, ife pomwepo. Ana ena amafuna kuimanga chingwe kumwendo n'kumaseweretsa, akanizeni. Ena amachita mantha kapena chisoni ikaphedwa yoyamba, ndipo anzawo amayamba kuwaseka. Dulani chiseko chimenecho msanga, mwanayo mum'patse ntchito ya thumba kapena ya tsekera. Akasekedwa tsiku loyamba sadzabweranso. Funkha likapezeka ndi tiana tofiira topanda ubweya, kwirirani mupite kwina.

Pamene mukuika m'thumba, tchulani maina. Kapuku ndiye wochuluka m'minda. Mphoni ali ndi mzere kumsana ndipo amayenda masana. Chitute ali ndi matumba m'masaya, ndipo mu una wake mumapezeka nkhokwe ya njere, chinthu chimene chimasangalatsa ana kuposa mbewa yeniyeniyo. Maina amasiyanako mudzi ndi mudzi, wa ku Lundazi sangatchule ngati wa ku Vubwi, tsono agogo akatsutsa musalimbane nawo. Chofunika n'choti mwana asiyanitse mbewa ndi khoswe wa m'nyumba ndiponso swiswiri wa kamlomo kosongoka, amene sadyedwa.

Una ukatha, bwezerani dothi ndi kukonza mzere. Dzenje losiyidwa limathyola mwendo wa ng'ombe, ndipo chaka chamawa mwini munda adzakukanizani. Za kutentha tchire kuti mauna aoneke, kapena kufukiza utsi mu una, anyamata akuluakulu amachita, koma mphepo ya mu Ogasiti siichedwa kutenga moto kupita nawo kunkhokwe ya munthu. Mapesi amenewo alimi ambiri masiku ano amawasunga dala kuti aphimbe nthaka.

Tsiku likavuta osapha kanthu, pali njira yotchera imene ana amaikonda. Kwirirani ndowa ya malita 20 pafupi ndi mpita, mlomo wake ulingane ndi nthaka. Thirani madzi osafika theka. Pingasani waya pamwamba, mutabaya kachitini pakati kuti kazizungulira, ndipo kachitiniko mukapake nshawa zokazinga zosinja. Mbewa ikakwera kuti idye, kachitini kamatembenuka. Madzi akachuluka imatuluka, akachepa imaponda pansi n'kudumpha. Tcherani madzulo, kaonjoleni mbandakucha zisanayambe kufufuma, ndipo ndowayo ikhale kutali ndi kumene kumasewera tiana tokwawa.

Njoka ikaluma mwana, musamange mwendo ndi chingwe kapena lamba, musateme, musayamwe. M'khazikeni pansi, vulani chilichonse chothina, mwendowo usagwedezeke, ndipo mum'nyamule kupita kuchipatala chapafupi, iye asayende. Zovuta kwambiri amazitumiza ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete. Musataye nthawi kusakasaka njokayo. Mphiri ndiyo yofunika kuwachenjeza kwambiri, chifukwa siithawa, imangogona phee m'mapesi kudikira phazi. Njoka yolavulira m'maso ikachita zake, tsukani masowo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. N'chifukwa chake chigubu chija musachimalize ndi kumwa.

Kunyumba ana akonze okha inu mukuyang'ana. Tumbulani pamimba, chotsani matumbo onse, tsukani. Wiritsani m'madzi a mchere kwa theka la ola kapena kupitirira, mpaka madzi atatsala pang'ono kuphwa. Kenako zipanikeni pampani wa nsungwi yong'alula, muziike pambali pa makala, osati pa lawi, mukutembenuza mpaka ziume gwa. Ena amayamba awaula ubweya, ena amausiya. Zimenezo n'za pakamwa pa munthu. Zouma bwino zimakhala masiku angapo pamalo popita mphepo, koma zofewa pamimba zimanunkha mawa lake. Aliyense asambe m'manja ndi sopo, ndipo thumba lija likutumulidwe panja n'kuyanikidwa padzuwa. Mbewa yoyamba imene mwana wapha yekha muiike padera kuti akaonetse amayi ake.

Mbewa yopezeka itafa yokha, kapena yoyenda mozandima masana, isakhudzidwe n'komwe. Mukaona zafa zambiri malo amodzi, bwererani ndipo mukauze a zaumoyo. Nthata za mbewa ndi makoswe zimafalitsa mliri wa makoswe, umene unabuka m'boma la Nyimba mu 2015. Choncho sabata yotsatira muziwayang'ana anawo. Wina akatentha thupi mwadzidzidzi, mutu ukuwawa, n'kutupa mwanabere wowawa m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi, musangoti ndi malungo n'kum'gulira panado pakantemba. Pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo, ndipo muwauze anamwino kuti mwanayu anali kokumba mbewa.