Kutolera ndi Kupenta Zidole za Baseball Zogwedeza Mutu

Zidole za bobblehead zimakhala ndi mutu waukulu wolumikizidwa ku thupi ndi sipulingi, ndipo ku America matimu a baseball, masewera omenya kampira ndi ndodo, amazigawa kwa anthu olowa m'bwalo pa masiku osankhika. Mwambowu unafala kuyambira mu 1999, pamene timu ya San Francisco Giants inagawa chidole cha Willie Mays, wosewera wake wakale wotchuka.

Poyamba kutolera zidolezi, sankhani timu imodzi kapena wosewera mmodzi, ndipo muzisunga bokosi la chidole chilichonse chifukwa ogula amalifuna. Zidole zakale za m'ma 1960, zoumbidwa ndi mapepala, musazipente n'komwe, popeza zimang'aluka msanga ndipo penti yatsopano imatsitsa mtengo wake.

Chidole choti mupente chikhale chamakono, cha resin (chinthu cholimba chonga pulasitiki). Chitsukeni ndi sopo, muchipale pang'ono ndi sandipepala wosalala, kenako mukulunge kansalu pakhosi kuti mutu usagwedezeke pamene mukugwira ntchito. Pakani penti ya akiliriki mopyapyala kangapo, mukudikira kuti iume musanapakenso. Apa m'pamene ambiri amafulumira n'kuwononga nkhope. Nambala ya kumsana muilembe komaliza ndi kaburashi kakang'ono, mupake vanishi, ndipo chidolecho muchiike kutali ndi dzuwa kuti chisafwifwe.