Thanki ya nsomba za m'madzi a mchere isakusefukireni m'nyumba: zoyenera kuchita madzi asanafike pansi

Ine ndinayamba ndi mbuna, nsomba za kwathu ku Nyanja ya Malawi, ndipo zaka zonse zimene ndinaweta zimenezo sindinakolopepo pansi chifukwa cha thanki olo tsiku limodzi. Thanki imodzi, fyuluta yake momwemo, basi. Zinthu zinasintha nditalowa ku za mchere, ma clownfish ndi makorali, chifukwa kumeneku madzi sakhala malo amodzi, amatsika pa paipi kupita ku kathanki kapansi mu kabati kamene timati sump, pampu nkuwakankhanso kubwerera pamwamba, usana ndi usiku osapuma. Anthu ambiri akamagula thanki amaopa kuti galasi lidzaphulika, koma pa anzanga onse amene anasefukiridwapo ambiri galasi lawo linali bwinobwino, chinawavuta ndi magetsi kuthima kapena kuiwala mpopi wotsegula.

Zanga zinachitika mu 2023 kuno ku Johannesburg nthawi imene load shedding inafika povuta ija. Magetsi anathima cha m'ma 2 koloko usiku ine ndili mtulo, ndikudzuka m'mawa kutsitsa phazi pa bedi nkuponda madzi ozizira, kapeti yense wa pabalaza atanyowa kuti nyaa, ndipo m'mphepete mwa kabati munali mutayamba kale kuyera ndi mchere. Pasanathe ola mayi amene amakhala fulati ya pansi pathu anagogoda kuti siling'i yawo ikudontha. Zinandipweteka kwambiri chifukwa mayiwo sanalakwe kanthu ndipo chimene chinachititsa zonsezi chinali choti ndikanachikonza ndi dirilo mphindi ziwiri zokha.

Nde tiyambe ndi chimenecho, pampu ikaima madzi amapita kuti.

Mukudziwa mmene timapopera petulo mu galimoto ndi kapaipi, kuyamwa kamodzi kenako amangotsika yekha mpaka mpweya utalowa. Paipi imene imabweretsa madzi mu thanki yapamwamba imachita chimodzimodzi magetsi akangothima, imasanduka yotsitsa, ndipo imakoka madzi mpaka kukamwa kwake kutulukire pamtunda. Ngati kukamwako munakumiza kwambiri kuti madzi asamasokose, dziwani kuti madzi onse amene ali pamwamba pake atsikira mu sump. Masamu ake ndi osavuta, chulukitsani utali ndi ufupi wa thanki m'masentimita mugawe ndi 1000, mupeza malita a sentimita imodzi. Yanga ndi ya masentimita 120 kwa 50, kutanthauza malita 6 pa sentimita iliyonse, ndipo kukamwa kwa paipi kunali masentimita 5 pansi pa madzi, amenewo ndi malita 30 osawerengera otsala m'mapaipi. Sump yanga ndi 80 kwa 40, imalandira malita 3.2 pa sentimita, nde kuti malita 30 alowe pamafunika malo opanda madzi pafupifupi masentimita 10, ine ndinali nditasiya 4 okha chifukwa ndinawonjezera madzi madzulo ake osaganiza.

Chochita chake ndi ichi. Kwezani kukamwa kwa paipi kukhale pafupi ndi pamwamba pa madzi, sentimita imodzi kapena ziwiri. Kenako boolani kabowo ka mamilimita 3 pa paipi yomweyo pansi pang'ono chabe pa mulingo wa madzi, kuti madzi akangotsika pang'ono mpweya ulowe kukokako kuthe. Boolani timabowo tiwiri osati kamodzi, chifukwa mchere ndi ndere zimatseka, pena nkhono imakakhala pomwepo tsiku lomwe magetsi athima, ndipo muzitokosa ndi kamtengo ka m'mano sabata iliyonse. Ena amaika check valve kuti madzi asabwerere, ikani ngati mukufuna koma musaidalire, m'madzi a mchere mumamera tizilombo ta zigoba tating'onoting'ono mkati mwa mapaipi, kachidutswa kamodzi kakangokhala pa chitseko chake sichitsekeka ndipo imadontha pang'onopang'ono usiku wonse.

Mukatha zimenezi yesani nokha. Dzazani sump pa mulingo umene mumaigwiritsira ntchito, zimitsani zonse pa khoma, khalani pomwepo ndi thawulo mphindi 10 mukuyang'ana madzi akukwera mpaka ataima okha. Akaima patatsala masentimita osachepera 3 kuti afike pakamwa zili bwino, akapitirira yatsani pampu msanga muchepetse madzi muyesenso. Mukapeza mulingo wabwino yatsani, dikirani madzi akhazikike, mulembe mzere pa galasi la sump ndi cholembera chosafufutika kapena kumata tepi. Mzere umenewo musadzaudutse olo zitavuta bwanji, ndipo aliyense amene mumamusiyira nsomba mukapita kumudzi pa Khirisimasi mumuonetse mzerewo ndi chala. Ine ndimabwereza kuyesaku mwezi uliwonse komanso nthawi iliyonse ndikasuntha paipi kapena kusintha pampu. Amene muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre mukudziwa nokha kuti magetsi sachenjeza akamapita, nde kuyesa kumeneku ndi kwa inu kwenikweni.

Palinso vuto la mbali inayo, magetsi alipo, pampu ikukankha koma paipi yotsitsa yatsekeka, apa nde thanki yapamwamba imasefukira kuchokera m'milomo. Chimene chimatseka kawirikawiri ndi nkhono zimene timaika kuti zizidya ndere, zimakonda kulowa m'mapaipi, nthawi zina ndi kansomba kakufa kapena ndere zothothoka. Ikani kasefa pakamwa pa paipi ndipo musakhale ndi paipi yotsitsa imodzi yokha. Kalumikizidwe kamene amati Herbie kali ndi mapaipi awiri, imodzi yogwira ntchito ina yongodikira ngozi, ka Bean Animal kali ndi atatu. Ya ngoziyo izikhala youma masiku onse ndipo kumunsi kwake kuthere pamwamba pa madzi a mu sump, kuti ikayamba kugwira ntchito muzimva phokoso mudziwe kuti kwinaku kwatsekeka. Komanso chipinda chimene mumakhala pampu mu sump chikhale chaching'ono, madzi ake onse atati akwere pamwamba akwane mu thanki osataika, kuli bwino pampu iyambe kuyamwa mpweya kusiyana ndi kukolopa nyumba. Timabokosi totsitsira madzi topachika kumbuyo kwa thanki tija, togwiritsa paipi yopindika yodutsa pamwamba pa galasi, ine sinditikonda, mpweya umasonkhana pa mpindiko pang'onopang'ono mpaka kukoka kumaima pampu ikupopabe. Ngati mungathe gulani thanki yoboola kale, koma musaboole nokha musanatsimikize mtundu wa galasi chifukwa la tempered silibooleka, limangophwanyika lonse tizidutswatizidutswa.

Madzi owonjezera nawonso amasefukira anthu ambiri. Madzi akamauma mchere umatsala, nchifukwa chake timawonjezera madzi opanda mchere, ndipo ambiri timaika kamakina ka ATO kuti kazichita kokha. Kamadalira kachinthu koyandama kapena ka diso kamene kamaona mulingo, kakangomatidwa ndi mchere kapena nkhono kukwerapo pampu yake imangothira osaima. Musalumikize ATO mwachindunji ku makina a RO, osefa madzi a pampopi, chifukwa kuseri kwa RO kuli mpopi wa tauni yonse ndipo sudzatha. Izitunga mu chigubu chaching'ono. Yanga imauma malita 3 kapena 4 patsiku nde ndimagwiritsa chigubu cha malita 20, chitati chithiridwe chonse nthawi imodzi mchere ungatsike kuchoka pa magalamu 35 pa kilo ya madzi kufika cha m'ma 33, makorali angakwiye koma sangafe. Koma werengeraninso kuti malita 20 amenewo akwane mu sump. Chigubucho chikhale pansi kuposa pothirira pake ndipo kapaipi kasamire m'madzi a mu sump, apo ayi kukoka kwa petulo kuja kuyambikanso pampu itazima kale. Kachinthu koyandamako muzikatsuka mu viniga mwezi ndi mwezi.

Za RO ndinene mwachidule. Makina a magaloni 75 patsiku amatenga pafupifupi maola awiri kapena kupitirira kudzaza ndowa ya malita 20, ndipo palibe munthu amaima maola awiri kuyang'ana ndowa, umapita kukaphika, foni imalira, waiwala. Ikani ndowayo mu bafa kapena panja pamene madzi akasefukira apita mu ngalande, tcherani alamu pa foni, ndipo kapaipi kotaya madzi oipa kamangidwe ndithu pa sinki chifukwa kamatulutsa madzi ochuluka kuposa abwinowo. Skimmer, makina ochotsa zinyalala m'madzi pogwiritsa thovu, nayo imapenga nthawi zina, makamaka magetsi akabwera madzi a mu sump ali pamwamba, kapu yake imadzadza mphindi zochepa, nde ikhale mkati mwa sump kuti zosefukira zigwere momwemo, ndipo magetsi akabwera muiyatse mochedwerapo mphindi 5.

Kudontha kwapang'onopang'ono ndi kumene kumawononga mwakachetechete. Mchere woyera wouma pa joini iliyonse ndi chizindikiro, musangoupukuta nkuiwala, pukutani muikepo kapepala ka tishu kouma mubwerenso pakatha ola. Pa ma bulkhead, zomangira zimene zimadutsitsa paipi pa bowo la galasi, labala yake imakhala mbali ya mutu osati mbali ya nati, ndipo mumange ndi dzanja kenako kuwonjezera pang'ono chabe, mukakakamiza ndi sipanala pulasitiki imang'aluka kapena galasi lomwe. Kamchenga kamodzi pansi pa labala ndi kokwanira kudontheza. Mapaipi ofewa amangidwe ndi zomangira zapulasitiki, zachitsulo zimachita dzimbiri miyezi yochepa.

Thanki yeniyeniyo ikadontha pa silikoni nthawi zambiri chiyambi chake ndi poikira posalingana. Lita imodzi ya madzi a mchere imalemera kilo imodzi ndi pang'ono, thanki ya malita 300 ndi miyala, mchenga ndi galasi lake imadutsa makilo 400, kona imodzi ikatsika kulemera konseko kumapotoza magalasi ndipo silikoni imayamba kulekana. Yezani ndi levulo mbali zonse thanki ili youma, muyezenso itadzadza theka, ndipo zokwezera muziika pansi pa kabati osati pakati pa kabati ndi galasi. Thanki yogula kwa munthu muidzaze madzi a pampopi panja ikhale masiku awiri kapena atatu pa makatoni ouma musanailowetse m'nyumba. Mukamapala ndere ndi lezala musayandikire m'makona. Mukaona timathovu tikuchuluka mkati mwa silikoni pakati pa magalasi kapena ikusendeka, musamatepo ina pamwamba, silikoni yatsopano sigwira pa yakale, muyenera kutulutsa madzi, kupala yonse galasi liyere, kumata yolembedwa kuti ndi ya ma aquarium yopanda mankhwala opha nkhungu chifukwa amenewo amapha nsomba, nkuisiya iume masiku osachepera awiri. Ngati ndi joini imene yagwira magalasi awiri yalekana, perekani kwa odziwa kapena gulani ina.

Magetsi ndi madzi a mchere musasewere nazo, madzi amenewa amadutsitsa magetsi kuposa a pampopi. Ma adaputa onse achoke pansi mu kabati, apachikidwe m'mwamba, ndipo waya aliyense atsike kaye pansi pa soketi kenako akwere kulowa, kuti dontho likamatsata waya ligwere pansi lisanafike pa pulagi. Onetsetsani kuti earth leakage ya m'nyumba, switchi yozimitsa magetsi yokha akamadutsa posayenera, ikugwira podina batani lake loyesera, ku Britain amati RCD. Gulaninso timaalamu ta batire timene timalira tikakhudza madzi, kamodzi mu kabati kena kumbuyo kwa thanki, ndipo pansi pa kabati muyale thireyi kapena pulasitiki yokwera m'mbali kuti malita oyamba agwere mmenemo. Amene mukuchita lendi fulati ya pamwamba funsani za inshuwalansi yolipira katundu wa ena, ndalama zimene ndinalipira pokonza siling'i ya mayi aja zinaposa mtengo wa thanki.

Madzi akasefukira, musaponde madzi ndi mapazi kupita kukazula pulagi, pitani pa bokosi lalikulu la magetsi muzimitse kumeneko. Kenako imitsani kotulukira madzi, kwezani paipi pamtunda kapena tsekani valuvu, ngati ndi galasi tsitsani madzi m'zigubu zoyera mpaka pansi pa podontha, madzi amenewo musataye muwafunanso. Heater musaiyatse ili pamtunda, imapsa nkuphulika. Nsomba ndi miyala zikhoza kukhala mu beseni lalikulu lapulasitiki masiku angapo bola pali kapampu koyendetsa madzi kapena ka mpweya ka batire, ndi kutentha kwa madigiri 24 mpaka 26. Pansi musangokolopa kamodzi, mchere umakoka chinyezi ndipo umadya misomali, mahinji ndi miyendo ya mipando, tsukani ndi madzi a pampopi kawiri katatu, kapeti mumutulutse panja mumutsukuluze. Kabati ya matabwa ogaya aja ikafufuma kumunsi isinthidwe musanabwezeretse madzi. Pobwezeretsa yezani mchere ndi refractometer, ngati amene anataika ndi madzi a mu thanki bwezerani a mchere osakaniza kale pa 1.025 (kulemera kwa madziwo poyerekeza ndi opanda mchere), ngati ndi ATO inathira opanda mchere kwezani pang'onopang'ono masiku angapo, muzithira madzi a mchere m'malo mwa opanda mchere pamene ena akuuma mpaka mulingo ubwerere.